Batire la Atate

1
Usakhudze.
Ndi amayi amenewo, a Nangondo, osatembenuka n'komwe. Ine dzanja lili m'malere, kansanza kali lende.
Ndikungopukuta fumbi, amayi.
Fumbi silidya batire. Zala zako ndizo zimadya batire. Choka apo, Velenasi.

2
Atate anga, a Zefaniya Mwale, telala wa kwa Kalilangwe, mkulu wa mpingo, anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Chibayo. Koma mawu awo anali atanyamuka kale, anakwera galimoto kupita ku Lusaka eni ake akadali moyo, akusoka malaya pakhonde. Anthu a wayilesi analonjeza kuti mawuwo adzatuluka Lamulungu loyamba la chaka chatsopano, masana, kamodzi kokha. Amayi ankafuna kuwamva. Ndipo batire la wayilesi yathu linali litayamba kufooka.
Nkhani yake ndi yomweyi. Zinazi ndi zokometsera, mundipirire, nkhalamba ikayamba kulankhula siyenda njira yowongoka.

3
Wayilesiyo inkaoneka ngati sefuliya yogoneka chambali, yabuluu, kukamwa kwake kotchingidwa ndi kansefa. Anthu ankangoti wayilesi ya sefuliya. Inkakhala pamwamba pa batire lake, chibatire cholemera ngati mwala wa mphero, ndipo waya wake unkatulukira pawindo n'kukwera nsungwi yaitali imene atate anazika pafupi ndi nkhokwe. Anaigula njala ya fote naini itangotha, nthawi imene anthu anzeru ankagula mbuzi.
Mwagula sefuliya yopanda chivundikiro, a Mwale?
Iyi imaphika mawu, a Nangondo.
Mawu tidya?

4
Zimene zinkatuluka m'sefuliyamo:
mapemphero a Lamulungu, sabata ino a mpingo uwu, sabata yamawa a mpingo wina, mpaka a Chiroma omwe, amene atate ankamvera atapinda manja ngati munthu woonerera mlandu wa eni ake;
nkhani ya kukumba zimbudzi;
nkhani ya kuwiritsa madzi akumwa;
nkhani ya fodya;
moni wa amuna a ku Joni ndi ku Halale kwa akazi awo, kuti tili bwino, tibwera, tibwera;
nkhani inanso ya zimbudzi;
mphenzi ikamang'anima kwina kutali, tsiii, tsiii;
nyimbo za Azungu zopanda mawu.

5
Moni nonse kumene muli, ankatero mnyamata wa ku Lusaka.
Zikomo, tili bwino, kaya inu, ankayankha amayi, kaya ali pamtondo, kaya mtsuko uli pamutu.
Sakukumvani, a Nangondo.
Ndikudziwa kuti sakundimva. Koma ine ndamumva. Munthu wakupatsa moni, iwe ungoti duu ngati chitsa? Amayi anga sanandilere choncho.
Mnyamata yemweyo akayamba kuphunzitsa za mizere yopingasa phiri, ulemu unkathera pomwepo. Iwe, khasu unaligwirapo iwe? Tamvani mawu akewo, oterera ngati sopo. Mawa lake ankamuyankhanso moni bwinobwino.

6
Lamulungu masana, mapemphero akatha, kunkabwera akaligo. Tinkawatcha choncho chifukwa ankalira ngati kaligo wa chingwe chimodzi wa pamsika, kungoti awa anali ambirimbiri, ena aang'ono olira ngati udzudzu, ena aakulu obuula ngati ng'ombe, ndipo woimba ndi pakamwa panalibe ngakhale mmodzi. Atate, poti tsikulo makina osokera sagwiridwa, ankakhala pampando wa ndalema atatsinzina, phazi likupalasa pansi lokha.
Mverani, a Nangondo. Wamng'onoyo wafunsa. Taimani. Eya, wamkulu wayankha.
Wayankha kuti chiyani?
Wayankha basi. Amene anasoka nyimboyi ndi telala weniweni, msoko wake suoneka.
Nyimbo yopanda mawu ndi ndiwo zopanda mchere. Mukutha batire ndi maliro opanda mtembo.
Koma sankachoka. Ankatenga lichero la nyemba n'kukhala pakhomo, akusankha, akudandaula, mpaka akaligo atatha.

7
Wayilesi sidikira munthu.
Anali mawu a atate amenewo. Amayi akati taimitsani kaye ndikathamangitse mbuzi, atate ankaseka mpaka kugwira m'nthiti. Si galamafoni iyi, yoti mutukula singano n'kubwezeranso. Ili ngati Linthipe, madzi amene adutsa adutsa. Mukatseka kuno, eni ake kumeneko akupitirirabe.
Ndamva, a Mwale. Munanena dzana, munanena dzulo.
Wayilesi sidikira munthu.
Ndati ndamva!

8
Tsiku limene anabwera anthu a wayilesi kunali kotentha mwezi wa Okutobala galimoto yawo itaima pansi pa mkuyu wa kutchalitchi munali Mzungu mmodzi wofiira ndi dzuwa ndi anyamata awiri a mataye ndipo mmodzi atangoti moni amayi ananditsina nati ndi yemwe uja wa zimbudzi koma abale kamunthu kake kochepa chonchi ndiye anakoka mawaya kulowetsa m'tchalitchi naimika kachitsulo kolankhulirapo kutsogolo nati aliyense asatsokomole ndipo mukudziwa mmene zimakhalira munthu akakuletsa kutsokomola mpingo wonse kukhosi kunayamba kuyabwa kwaya inaimba abusa analalikira mwachidule kwa nthawi yoyamba chibadwire chawo kenaka anati pemphero lotsekera atitsogolere a Mwale ndipo atate anaimirira atavala jekete losoka okha pamene m'galimoto muja singano inkalemba zonse pa mbale yakuda koma pomwepo mwana wanga anayamba kulira kumbuyo kwanga kulira kwenikweni kwa mwana wolumidwa ndi linthumbu Mzungu anatiloza chitseko ine ndinatuluka amayi ananditsatira kuti andithandize kumuvula tinakaima kutali kuseri kwa sukulu kuti kulirako kusalowe m'mbale ndipo pobwerera tinapeza anthu akutuluka akuti koma lero a Mwale apemphera

9
Munati chiyani m'pemphero muja, a Mwale?
Mudzamva pa wayilesi.
Tandilawitsani pang'ono chabe.
Mudzamva pa wayilesi, a Nangondo, limodzi ndi anthu a ku Kitwe ndi a ku Bulawayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.
Amayi akanatha kufunsa mnzawo aliyense wa kuchigwirizano. Sanafunse. Anati ndidzamva kwa mwini wake, poti wayamba matama.
Ankanyada atate. Ndinene zoona, mwezi wonse umenewo ankayenda ngati tambala.

10
Inu atate. Munanyowa ndi mvula ija pochokera ku maliro a eni ake, munati ndi chimfine chabe, mundiphikire mandimu. Chakudza sichiimba ng'oma. Sabata isanathe tinali titakuikani. Munasiya buluku la munthu pamakina, mwendo umodzi wosoka, wina wosasoka. Munasiya batire limene inu ndi akaligo anu munali mutalikukuta mpaka pafupa. Ndinakukwiyirani, atate. Ndinkakukondani kwambiri, ndipo ndinakukwiyirani.

11
Atate anali mkamwini pamudzi pa amayi, ndiye mwa mwambo wathu katundu wawo anayenera kubwerera kwa abale awo. Anabwera kudzatenga ndi mng'ono wawo, a Lameki, atate anga aang'ono, amene anagwirapo umakaniko ku Halale ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo.
Makina osokera.
Njinga.
Jekete.
Mpando wa ndalema.
Lumo, tepi, simbi ya makala.
Baibulo ayi, Baibulo likhale.
Wayilesi.
Alamu, anatero amayi atagwada pakhomo, tengani zonse, ndi zanu. Koma sefuliyayi iyambe yakhala mpaka Lamulungu lija.
A Lameki anakanda m'mutu. Anapotokola kabatani n'kutchera khutu. Mnyamata wa ku Lusaka ankamveka ngati akulankhulira m'chitsime.
Batire ili silifika, alamu.
Lifika. Zimitsani.

12
Latsopano? Mwamuna wanga, a Filimoni, anapalasa njinga yobwereka mpaka ku boma, kusitolo kwa Mmwenye. Kunalibe. Lole yobweretsa katundu inali itaima kutsidya, mlatho utapita ndi madzi.
Akakonza mlatho, anatero Mmwenye.
Akonza liti?
Funsa mvula, bambo.

13
Mudzi wonse unasanduka asing'anga a batire.
Liyanikeni padzuwa, limamwa mphamvu.
Ayi, dzuwa limaliumitsa. Liikeni pafupi ndi mafuwa.
Likulungeni m'bulangete, mdani wake ndi chinyezi.
Kwa Chimutu wina analibaya ndi msomali n'kuthiramo madzi amchere.
Ndiye linatani?
Linafa.
Amayi ankamvera onse, kuthokoza onse. Dzuwa likatuluka ankalitulutsa pamphasa ngati wodwala. Mtambo ukangoti bii ankathamanga nalo m'nyumba. Madzulo linkagona m'bulangete, iwo akufunda chitenje. Wayilesi osayatsa ngakhale pang'ono. Khirisimasi inadutsa m'nyumba muli zii.

14
Adzukulu anga lero ali ndi mafoni. Amanditenga mawu ndikukalipa, n'kumabwezabweza, akuseka, agogo tamvani mmene mumalankhulira. Ndikawauza kuti kale mawu ankadutsa kamodzi ngati mlendo wapanjira amati ndiye munkatani mukaphonya. Tinkatani? Tinkaphonya.

15
Alamu, pang'ono pokha, lero akunena za fodya.
A Lameki amenewo, atabweranso pakati pa sabata, akuti kudzationa.
Fodya wanu ali kumunda, alamu, pitani mukamufunse.
Tingoyesa ngati likadali ndi moyo.
Nkhuku ikamafungatira saiutsa kuti aone mazira.
Koma alamu, wayilesi sidikira munthu.
Mawu amenewo si anu, anatero amayi.
A Lameki anawerama. Mawu awo ankafanana ndi a akulu awo pang'ono, pang'ono pokha, mokwanira kupweteka. Amayi anazindikira kuti alasa, nawaotchera chimanga.

16
Amayi, ali okha kuseri kwa nyumba, akuyesa kuti palibe akumva:
A Mwale, nyumba yanu yazizira. Akaligo anu aja ndawasowa, mwamva? Musaseke. Makamaka wamng'ono uja wofunsafunsa. Ine ndinkamva kuti akufunsa, kungoti sindinkafuna kuti mutukumuke. Ndiye Lamulungu mukabwera mulankhule mokweza, osati zong'ung'udza zanu zija, batire lanu ndi lofooka, mwalifoola nokha. Ndipo musatalikitse.
Ayi.
Talikitsani.

17
Lamulungu lija tinatuluka m'tchalitchi mpingo wonse n'kulunjika kwathu, abusa patsogolo. Mphasa zinatha, tinabwereka, zinathanso. Azibambo pansi pa mango, azimayi m'mbali mwa khonde, ana paliponse. A Lameki anaika wayilesi pa kampando pakhonde, nalumikiza mawaya mosamala ngati akusambitsa khanda. Amayi anakhala pansi pafupi nayo, duku lakuda kumutu, bondo likukhudza mwendo wa kampandoko. A Lameki anakhala mbali inayo.
Tha.
Tsiii.
Moni nonse kumene muli.
Zikomo, unayankha mpingo wonse, ndi abusa omwe.
Mawu anali aang'ono koma ankamveka. Kwaya inaimba, a kwaya akukodolana, ndine uyo, ndine uyo, wophonya uja ndiwe. Abusa anadzimvera okha akulalikira, akuvomereza ndi mutu mfundo iliyonse. Ine liwu lililonse ndinkaliona ngati lakuba batire la atate. Fulumirani abusa, ndinkatero mumtima, Mulungu andikhululukire.

18
Kenaka kakukonza kukhosi. Hm-hm. Amayi anagwira pakamwa.
Tiyeni tipemphere.
Atate. Iwo enieni, ndi kamphuno kawo kaja.
Ndipo kwathu mkulu wa mpingo akati tiyeni tipemphere, palibe amafunsa ngati ali moyo kapena ali m'sefuliya. Zipewa zinavulidwa. Mitu pansi. Maso onse otsinzina, mpaka ana.
Atate wathu wakumwamba, ndife anthu anu a kwa Kalilangwe, pafupi ndi phiri, mumapadziwa. Tikuthokozani kuti njala ija inapita ndipo ife tikadalipo. Tipatseni mvula yabwino, yosakokolola. Kumbukirani ana athu ali ku migodi, muwakumbutse njira ya kwawo. Kumbukirani odwala. Kumbukirani amene amatipirira ife amuna ovuta, amene amakhala nafe pakhomo ndi lichero lawo ngakhale nyimboyo sakuikonda. Muwasunge amenewo, Ambuye, muwasunge bwino. Ndipo tsopano, pamene tikuti tibalalike

19
Zii.

20
Palibe anatsegula maso. Atate ankakonda kupuma pakati pa pemphero, tonse tinkawadziwa, ndiye tinadikira. Nkhuku inadutsa pakati pathu. Mbuzi inalira kudambo. Makosi anayamba kuwawa. Munthu satsegula maso pemphero lisanathe, ndi mwano umenewo, ndiye mpingo wonse unangokhala choweramira sefuliya yosalankhula, ndi abusa omwe, mpaka a Lameki anatsokomola.
Batire latha, anatero mokweza. Latha, abale. Ndinanena ine.
Abusa, posowa chochita, anayambitsa nyimbo.
Ine ndinalira kuposa tsiku la maliro. Ndinatukwana akaligo, ndinatukwana mlatho, ndinatukwana mvula, ndinatukwana linthumbu lija linaluma mwana wanga. Kusunga konse kuja, kufunda chitenje konse kuja, kuperewera mawu angapo okha? Amayi sanalire. Anadzuka n'kuyamba kupinda mphasa za eni ake.

21
M'mawa mwake a Lameki anabwera kudzatsanzika.
Sefuliya yanu iyo, alamu, anatero amayi. Mwatidikira, zikomo.
Chinthu chakufa ndikachite nacho chiyani? Chingondilemetsa panjinga. Chikhale.
Sanayang'anane. Ine ndinayesa ndi manyazi a pachilamu.

22
Aphunzitsi a kwa Chimutu anali ndi wayilesi yawoyawo, ndipo anamva pemphero lonse. Anabwera wapansi, munthu wamtima wabwino, chipewa chili m'manja.
Mayi, ndamva zimene zinachitika. Ndati ndidzakuuzeni mmene malemu anamalizira.
Aphunzitsi, mwayenda ulendo wautali. Velenasi, tawapatsa thobwa.
Atatero amayi anatenga khasu, ulendo wa kumunda, mlendo ali pamphasa. Amayi anga, amene sankasiya moni wa m'sefuliya wosayankha! Ndinawapepesa aphunzitsi. Ndi chisoni, ndinatero, musawaone cholakwa. Wayilesi sidikira munthu, ndinateronso, osadziwa kuti ndikuuza yani.

23
Mlatho anaukonza chimanga chitamasula. Lole inawoloka. A Filimoni anabwera nalo batire latsopano, lonunkhira sitolo, ndipo ndinati ndiwadzidzimutse amayi, m'nyumba muyambenso kumveka munthu. Anali kuseri akutsuka mbale. Ndisanamasule mawaya a lakale lija, dzanja linangopotokola kabatani lokha, chizolowezi.
Tha.
Mayi wina wa ku Lusaka, akuphunzitsa kasambitsidwe ka makanda. Madzi akhale ofunda, muyese ndi chigongono. Akumvekera patali, koma liwu lililonse likumveka, pa batire lakale lomwe lija.
Batire likamatha mawu amazilala pang'onopang'ono, saduka pakati ngati ulusi, ndipo makaniko aliyense amadziwa zimenezo. Tsiku lija tonse tinali otsinzina. Pafupi ndi kabataniko panali anthu awiri okha, ndipo mmodzi anali atanama mokweza pamaso pa abusa.
Amayi anali ataima pakhomo, manja akudontha madzi.
Zimitsa, mwanawe.
Amayi. Munali inu?
Zimitsa.
Ndinazimitsa.
Koma anamaliza, amayi. Anamaliza tsiku lomwelo, aphunzitsi anamva, dziko lonse linamva.
Ndikudziwa. Ukundiyesa mwana?
Anapukuta manja pachitenje, pang'onopang'ono, chala chilichonse pachokha.
Kwa eni akewo anamaliza. M'nyumba muno atate ako sanati ameni.